Kumvera The Smiths Mochedwa

Nyimbo yoyamba ya The Smiths yomwe ndidamva ndidaiyesa ya ku Zimbabwe. Udali usiku wa mwezi wa June, kukuzizira, ndili kalikiliki kumasulira chikalata chotopetsa cha zaumoyo, foni ikungodzisankhira nyimbo monga imachitira mwini wake akaiiwala. Kudalira gitala yothamanga, yowala, zingwe ziwiri zikuyendera limodzi, pansi pake besi ikudumphadumpha. Ndidadikira kuti woimba alowe m'Chishona. M'malo mwake kudamveka mawu a Mngelezi, okoka, odandaula, ngati a munthu amene wadzutsidwa kutulo kuti afotokoze mavuto ake. Ndidasiya ntchito n'kuyang'ana dzina. Idali "This Charming Man", ya 1983.

Gululi lidatha ndisanabadwe. Palibe m'bale kapena mnzanga amene adandiuzapo za ilo. Kwathu tidakulira Alleluya Band, Lucius Banda, Oliver Mtukudzi ndi rumba ya ku Congo. Choncho ndidaganiza zolimvera monga ndimawerengera wolemba amene ndapatsidwa kuti ndimasulire: kuyambira buku loyamba mpaka lomaliza, osadumpha, ndikufufuza nthawi imene chilichonse chidalembedwa. Ntchitoyo si yaikulu. The Smiths adakhala zaka zisanu zokha, kuyambira 1982 mpaka 1987, ndipo adajambula zimbale zinayi. Zina zambiri n'zosonkhanitsa nyimbo zomwazikana. Ndidadzipatsa sabata imodzi pa chimbale chilichonse.

Choyamba kundivuta lidali dzina la mtundu wa nyimbozi. Amati indie, chidule cha mawu a Chingelezi otanthauza kudziimira pawekha. Lero anthu amalitchula ngati kamvekedwe, koma pachiyambi idali nkhani ya malonda: ndani akulipira situdiyo, ndani akudinda zimbale, ndani akuzifikitsa m'masitolo. Ku Britain m'ma 1970 zonsezi zidali m'manja mwa makampani ochepa akuluakulu monga EMI, CBS ndi Warner. Mu January 1977 anyamata a ku Manchester otchedwa Buzzcocks adabwereka ndalama kwa abale ndi anzawo, pafupifupi mapaundi 500, n'kudzitulutsira okha kachimbale ka nyimbo zinayi kotchedwa Spiral Scratch. Katayenda malonda, achinyamata ambiri adaona kuti n'zotheka. Sitolo ya Rough Trade, yomwe Geoff Travis adatsegula ku London mu 1976, idayamba kutulutsa nyimbo zakezake mu 1978, ndipo mu 1980 kudayambika ndandanda wapadera wa nyimbo zogulidwa kwambiri za timakampani totere. Ine zidanditengera nthawi kuti ndione chodabwitsa pamenepa, poti kwathu pafupifupi woimba aliyense amadzilipirira yekha situdiyo n'kumayenda ndi nyimbo zake m'chikwama. Ife timatero chifukwa palibe njira ina. Iwo adachita kusankha, ndipo ankanyadira.

Manchester wa 1982 udali mzinda wa mafakitale otsekedwa. Nsalu za thonje zomwe zidaulemeretsa zidali zitalowa pansi kalekale, Margaret Thatcher adali pampando kuyambira 1979, ndipo chaka chomwecho anthu osowa ntchito m'dziko lonselo adapitirira 3 miliyoni. Mu May, mnyamata wa zaka 18 wogulitsa m'sitolo ya zovala, Johnny Marr, adakagogoda pakhomo la Steven Morrissey ku Stretford. Morrissey adali wamkulu kwa iye ndi zaka zinayi, wosagwira ntchito, wokhalabe kwa mayi ake, wodziwika ndi makalata omwe ankalembera nyuzipepala za nyimbo. Onse awiri adali ana a Akatolika a ku Ireland omwe adawoloka nyanja kudzafuna ntchito ku England. Adapeza Mike Joyce woimba ng'oma ndi Andy Rourke, mnzake wa Marr wa kusukulu, woimba besi. Dzina adasankha lofala kwambiri m'Chingelezi, ngati gulu la kwathu litangodzitcha A Phiri, pa nthawi imene magulu ena ankadzipatsa maina ataliatali odzitukumula.

Chimbale choyamba, chotchedwa The Smiths, cha February 1984, chidandikhumudwitsa. Nyimbo zake n'zabwino koma zimamveka ngati zajambulidwa m'chipinda chodzaza matiresi: ng'oma zouma, gitala yakutali. Nditawerenga mbiri yake ndidamvetsa. Adachijambula kawiri. Ntchito yoyamba, yomwe adagwira ndi Troy Tate, adaitaya, n'kuyambiranso ndi John Porter. Komabe chidafika pa nambala 2 pa ndandanda wa dziko lonse, chinthu chosachitikachitika kwa kampani yaing'ono ngati Rough Trade. Nyimbo yotsekera, "Suffer Little Children", imanena za ana omwe Ian Brady ndi Myra Hindley adapha pakati pa 1963 ndi 1965, n'kukwirira ena a iwo ku Saddleworth Moor, mapiri a udzu kunja kwa mzindawo. Morrissey adali mwana mumzindamo zimenezi zikuchitika. M'nyimbomo amatchula maina a ena mwa anawo, ndipo masitolo ena akuluakulu adachotsa chimbalecho pamashelefu pambuyo pa madandaulo. Ndidaimvera kamodzi, osaibwerezanso sabata yonseyo. Kwathu dzina la mwana womwalira silitchulidwa chisawawa, ndipo khutu langa lidakana ngakhale mutu unkamvetsa chimene woimbayo ankafuna.

Chimene chidandibweza ndi Hatful of Hollow, cha November chaka chomwecho. Ichi si chimbale chenicheni koma msonkhomsonkho, ndipo nyimbo zake zambiri zidajambulidwira wailesi ya BBC. Pa Radio 1 padali mkulu wina, John Peel, yemwe pa pulogalamu yake ya usiku ankaitana magulu osadziwika kuti ajambule nyimbo zitatu kapena zinayi tsiku limodzi m'situdiyo ya BBC. Tsiku limodzi silipatsa mpata wopaka nyimbo mafuta. Nyimbo zomwe zija zidandigonetsa pa chimbale choyamba pano zidadzuka. Ng'oma za Joyce zikumveka kuti zikumenyedwa ndi munthu wa thukuta. Apa m'pamenenso kulakwitsa kwanga kwa usiku woyamba kudapeza pogwira. Marr mwiniwake adanenapo kuti kayendedwe ka gitala mu "This Charming Man" kamamveka ngati highlife ya kumadzulo kwa Africa. Sindikunena kuti adaphunzira kwa ife; adakulira nyimbo za ku America ndi ku Britain. Koma mu 1986 Peel yemweyo ndi Andy Kershaw atayamba kuika Bhundu Boys a ku Harare pa wailesi, ndikuganiza kuti adapeza makutu okonzeka kale, ozolowera gitala yowala yomwe siibangula koma imaluka. Chimbale chawo cha Shabini chidatuluka ku Britain kudzera ku kakampani ka ku Scotland kotchedwa Discafrique. M'tanthauzo loyamba lija la mawuwa, Biggie Tembo ndi anzake adali gulu la indie ndithu.

Sabata yachitatu ndiyo idandigwira pakhosi. Meat Is Murder chidatuluka mu February 1985, sitiraka ya chaka chathunthu ya ogwira ntchito m'migodi ya malasha ili pafupi kugonja kwa Thatcher, ndipo mwa zinayi zija n'chokhacho chomwe chidafika pa nambala 1. Adachikonza okha, mothandizidwa ndi katswiri wa makina wachinyamata, Stephen Street. Chimatseguka ndi "The Headmaster Ritual", nyimbo ya aphunzitsi omenya ana m'sukulu za ku Manchester. Morrissey adalephera mayeso omwe ana ankalemba ali ndi zaka 11, omwe ankasiyanitsa opita ku sukulu zapamwamba ndi otsala, ndipo adatumizidwa ku sukulu ya otsalawo. Pamene nyimboyi inkatuluka, kukwapula mwana kusukulu kudali kololedwa ndi lamulo. Nyumba ya malamulo ya ku Britain idavomereza kuthetsa mchitidwewu m'sukulu za boma mu July 1986, ndipo ofuna kuuthetsa adapambana ndi voti imodzi yokha, 231 kwa 230. Lamulolo lidayamba kugwira ntchito mu 1987.

Ndidaimitsa nyimboyo pakati. Ndidakumbukira m'mawa wina ndili Sitandade 5, titachedwa atatu chifukwa cha mvula, aphunzitsi atatituma tokha kukathyola nthambi ya bulugama yotikwapulira. Tidaima pansi pa mtengo tikukambirana: yopyapyala imaluma, yokhuthala imatupitsa, ndipo ukabweretsa yowola amakatenga okha yoposa. Ndidakumbukiranso kuti m'makalasi apamwamba mlandu wina udali kulankhula Chichewa chomwechi pabwalo la sukulu. Sukulu yathu idatengera zambiri ku sukulu yawo: yunifolomu, belu, asembule, ndi ndodo. Koma mumtima mwanga ndinkangoganiza kuti ndodoyo azungu adaisungira ana a m'maiko omwe ankalamulira. Sindidaganizepo kuti mwana wa mmphawi wa ku Manchester ankagwiranso m'matako pobwerera kwawo, mpaka m'zaka zomwe akulu anga adali kale pasukulu. Chondidabwitsa n'chakuti nyimboyo siilira. Gitala imayenda mwachimwemwe, besi ikuvina, mawu okha ndiwo akunjenjemera. Ndi momwe ifenso timafotokozera zikwapu zathu tikakumana anzathu akale: tikuseka.

Pa chimbale chimenechi m'pamene ndidayamba kumvetsera Andy Rourke. Ambiri akamanena za The Smiths amatchula awiri okha, wolemba mawu ndi wopeka maimbidwe. Koma mu "Barbarism Begins at Home", nyimbo ya pafupifupi mphindi zisanu ndi ziwiri yonena za makolo omenya ana, besi ndiyo mwini nyumba. Rourke adakulira funk, ndipo samangotsatira gitala. Amaimba nyimbo yakeyake pansi pa inzake, monga achitira oimba besi a sungura.

Dzina la chimbalechi lidandipatsa ntchito ya masiku awiri, ngakhale palibe adandituma. Chingelezi chili ndi mawu ena a chiweto chamoyo ndi ena a ndiwo ya pambale, komanso mawu ena a kupha wamba ndi ena a kupha munthu mwaumbanda. Mphamvu yonse ya dzinali ili pa kulumikiza zomwe chinenerocho chidalekanitsa: kukumbutsa wogula m'sitolo kuti chimene chili m'pulasitikicho chinkapuma. Chichewa sichidalekanitse. Nyama ndi nyama, kaya ikuthamanga m'tchire kaya ili mumphika, ndipo timapha nkhuku ndi mneni yemweyo amene timaphera munthu. Ndikati "nyama ndi kupha" ndangonena chimene mwana aliyense amene adagwirapo miyendo ya mbuzi pa Khirisimasi amachidziwa. Ndikati "kudya nyama ndi umbanda" ndalalikira, ndipo wondimva adzafunsa kuti amaidya kangati pachaka. Nyimbo ya dzinali, yokhala ndi kulira kwa ng'ombe ndi phokoso la macheka, ndiyo yofooka kwa ine pa chimbale chonsecho. Idalembedwera anthu omwe sadaonepo chiweto chikuphedwa.

The Queen Is Dead ndicho anthu ambiri amati n'chopambana, ndipo sinditsutsa. Chidatha kujambulidwa kumapeto kwa 1985 koma chidakhala m'kabati mpaka June 1986 chifukwa cha mkangano wa m'khoti pakati pa gululi ndi Rough Trade, yomwe gululi linkafuna kuisiya. M'miyezi yodikirayo Rourke adachotsedwa kwa kanthawi chifukwa cha mankhwala a heroin, n'kubwezedwanso. Zonsezi sizimveka m'nyimbo. Chomwe chimamveka ndi nthabwala. Munthu yemwe ndinkamuyesa wodandaula chabe adapezeka kuti ndi wanthabwala woopsa, wonyoza banja lachifumu, atsogoleri a mpingo, mabwana, ndi iye mwini koposa onse. Dzina lokhalo la chimbale, loti mfumukazi yafa pamene Elizabeth adali moyo ndi wamphamvu, lidandiseketsa ndikaganiza za Malawi wa chaka chomwecho, kumene nyimbo ya Simon and Garfunkel yotchedwa "Cecilia" idaletsedwa chifukwa chongofanana dzina ndi Mama Kadzamira. Ku Manchester adanyoza mfumukazi n'kufika pa nambala 2.

Chakumapeto kwake kuli "There Is a Light That Never Goes Out". Woimba ali m'galimoto usiku ndi munthu amene amamukonda, sakufuna kubwezedwa kwawo chifukwa kumeneko samulandiranso, ndipo akuona kuti kufera pangozi pambali pa munthuyo kungakhale mwayi. Nyimbo yonse siiulula ngati woyendetsayo ndi mwamuna kapena mkazi. Ku Britain wa m'ma 1980 kusaulula kumeneku kudali nkhani yaikulu kwa achinyamata omwe sankatha kunena poyera amene amawakonda. M'Chichewa palibe akadazindikira n'komwe, poti iwe ndi iye wathu sasankha mwamuna kapena mkazi. Ndidaibwereza kambirimbiri. Aliyense amene adakhalapo pakhomo pa wachibale m'tauni, akudya mowerengedwa, amadziwa kusafuna kuti ulendo wa usiku uthe.

Mwezi wotsatira adatulutsa "Panic", nyimbo yosapezeka pa chimbalecho, yolimbikitsa kuotcha malo ovinira ndi kupachika woika nyimbo chifukwa nyimbo zake sizinena kanthu za moyo wa womvera. Eni ake adati idabadwa atamva wailesi ikuulutsa za ngozi ya Chernobyl kenaka n'kuika kanyimbo kosangalatsa ngati palibe chachitika. Olemba ena adaimva mwina: adati nyimbo zovina za nthawiyo zidali makamaka za anthu akuda, ndipo adafunsa kuti amene akupachikidwayo ndani. Zomwe Morrissey adayankhula m'nyuzipepala ya Melody Maker chaka chomwecho, zonyoza nyimbo za akuda za nthawiyo, zidangothira mafuta pamoto. Marr adakana mwaukali kuti nyimboyo idali ya tsankho. Ndipo pa 12 December 1986 gululi lidaimba ku Brixton Academy, ku London, pa chochitika chosonkhetsa ndalama cha Artists Against Apartheid, bungwe lomwe adayambitsa Jerry Dammers ndi Dali Tambo. Nthawi imeneyo South Africa idali pansi pa lamulo la zadzidzidzi, Samora Machel adali atangofa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini mu October, ndipo Thatcher ankakanabe zoti boma la tsankho likhaulitsidwe pa zamalonda. Palibe adadziwa usiku umenewo kuti aka kadali komaliza The Smiths kuimba konsati yathunthu.

Strangeways, Here We Come, chotchedwa dzina la ndende ya ku Manchester, chidatuluka mu September 1987 gulu litatha kale. Marr adali atachoka, ali ndi zaka 23, atatopa ndi kukhala woimba gitala ndi woyendetsa gulu nthawi imodzi, poti mamanijala sankakhalitsa. Morrissey ndi Marr onse adanenapo kuti ichi ndicho amachikonda koposa. Ine chimandimvekera ngati nyumba yosesedwa bwino anthu ali pafupi kusamuka: muli piyano, muli zoimbira zambiri, koma mulibe njala ija. Adali atasaina kale ndi EMI, imodzi mwa makampani akuluakulu aja, koma sadajambuleko chimbale ngati gulu. Chaka chomwecho Bhundu Boys nawo adasaina ndi WEA, n'kuimba ku Wembley patsogolo pa Madonna, ndipo chimbale chomwe adatulutsa kumeneko chidakhumudwitsa ambiri mwa omwe adawakonda poyamba.

Chotsatira ndi milandu. Ndalama za kupeka nyimbo zidali za Morrissey ndi Marr, ndipo pamenepo padalibe mkangano. Koma pa ndalama za zimbale ndi makonsati, awiriwo ankatenga magawo 40 pa 100 aliyense, Joyce ndi Rourke magawo 10 okha aliyense. Rourke, ali pa mavuto a ndalama, adavomera mapaundi 83,000 ndi magawo 10 omwewo n'kusiya mlandu. Joyce adapitiriza, ndipo mu December 1996 khoti lalikulu ku London lidagamula kuti ayenera kulandira magawo 25. Gulu lomwe linkaimbira osauka ndi oponderezedwa lidali ndi mabwana awiri ndi antchito awiri. Aliyense amene adachezapo ndi woimba ng'oma wa bandi ya kwathu, yemwe dzina lake silili pachikuto ndipo amalipidwa usiku womwewo ngati khomo layenda bwino, sangadabwe.

Chovuta kwambiri ndidachisiyira kumapeto, monga momwe ndidachipezera. Nditamaliza zimbale ndidayamba kuwerenga za Morrissey wa pambuyo pake. Mu 1992 adadzikulunga mbendera ya Britain pa konsati ku Finsbury Park, pamaso pa khamu momwe mudali anyamata ometa mipala, ndipo nyuzipepala ya NME idafunsa poyera za maganizo ake pa mitundu ya anthu. Mu 2007 adadandaula m'nyuzipepala yomweyo kuti kuchuluka kwa obwera kukufafaniza chikhalidwe cha Britain. Adaisumira chifukwa cha momwe idalembera nkhaniyo, ndipo mu 2012 idapepesa. Iye wakhala akukana kuti ndi watsankho. Koma mu 2019 adaonekera pa kanema wa ku America atavala baji ya For Britain, kachipani komwe kankadana ndi Chisilamu komanso kankafuna kutsekera obwera. Palibe adamuveka. Mchemwali wanga amagwira ntchito yosamalira okalamba kumpoto kwa England, amasambitsa anthu amsinkhu wa makolo a Morrissey, ndipo ana ake akukula monga adakulira iye: Chingelezi cha mumsewu panja, chinenero ndi mapemphero a kwawo m'nyumba. Mwana wa obwera yemwe adaimba bwino koposa za kusowa kwanu adasanduka mlonda wa pachipata. Ndidakhala milungu iwiri osamvera.

Sindidathetse nkhaniyi, ndidangobwerera. Nyimbo zomwe adaimba payekha sindidazitsegule ndipo sindikufuna. Zinayi zija ndi Hatful of Hollow zikadali m'foni, chifukwa si za munthu mmodzi, ngakhale mapangano a ndalama adanena zina. Mu 2024 zidamveka kuti padabwera mwayi wa ndalama zambiri woti gululi libwererane, ndipo Marr adanena poyera kuti adaukana. Kubwererana kwenikweni kudali kosatheka kale: Andy Rourke adamwalira ku New York pa 19 May 2023 ndi khansa ya kapamba, ali ndi zaka 59. Ine ndidamudziwa atapita. Masiku ano ndikaika "This Charming Man" ndimavala zomvera za m'makutu zabwino, zomwe ndidagulira ntchito yomasulira mawu ojambulidwa, ndipo ndimatsatira iyeyo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Pali malo ena pakati pa nyimbo pamene gitala ndi ng'oma zimaima kamphindi n'kuyambiranso, ndipo nthawi zonse ndimapezeka ndakweza phazi kudikira kuti besi igwe.